KODI MWINI NDARAMA ZA KAMPENI NDANI? MLEMBI WA ZIPANI ATIUZE

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu,

Pa msonkhano wathu wapitawu, umene tinachitira pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa sukulu, ndinaimirira kuti ndinene za lamulo loyang'anira ndarama za zipani. Ndisanafike ndi pakati pomwe, mmodzi wa akuru athu, bambo amene ndiwalemekeza kwambiri pakuti anayamba ndale ine ndisanabadwe, anandidula mau. Anati, "Aphunzitsi, zimenezo nza anthu a m'tauni owerenga nyuzipepala. Ife kuno tidziwa chimodzi: fodya wako ndi amene ali pamphuno. Akabwera nazo ndarama tidye, voti iri mumtima." Anthu anaseka naomba m'manja, ndipo pomwepo mvula inayamba kudontha, msonkhano nubalalika ine ndisanayankhe. Chotero ndirikuyankha muno m'kalata ya nthambi, osati kuti ndichititse manyazi bambo wathu, iai, koma chifukwa mau aowo ali m'kamwa mwa anthu ambiri, ndipo ndiwo mau amene akuru-akuru a ndale akondwa kuwamva kuposa nyimbo zonse zimene amai athu awaimbira.

Choyamba ndifotokoze lamulolo, pakuti ambiri a ife tingolimva dzina pa wailesi. Dzina lache ndi Political Parties Act, ndiye kuti lamulo la zipani za ndale, la chaka cha 2018. Linayamba kugwira nchito pa 1 December 2018, m'malo mwa lamulo lakale la 1993, limene linanena za kalembetsedwe ka chipani koma osafika ku thumba lache. Lamulo latsopanoli linena kuti chipani chikalandira mphatso ya K1 miliyoni kapena kuposerapo kuchokera kwa munthu mmodzi, kapena ya K2 miliyoni kuchokera ku bungwe kapena kampani, chiyenera kukaulula mphatsoyo pasanathe masiku 90. Linenanso kuti makampani a Boma asapereke mphatso ku chipani chiri chonse. Ndipo pa ndime 41 liletsa munthu wopikisana pa chisankho, kapena wofuna kudzapikisana, kugawa ndarama kapena katundu ngati nyambo yokopera voti, ndipo chilango chache ndi chindapusa cha K10 miliyoni ndi ndende ya zaka zisanu. Kuti zonsezi zitheke, lamulo linakhazikitsa ofesi ya Mlembi wa Zipani za Ndale, amene nchito yache ndi kusunga kaundula wa zipani, kulandira malipoti a ndarama zao, ndi kumva madandaulo a anthu.

Mukamva zimenezi mudzati, "Nanga si lamulo labwino limenelo?" Inde, pa pepala nlabwino. Koma tamvani chimene anachita nalo amene analipanga.

Kuyambira December 2018 kufikira chaka cha 2024, mpando wa Mlembi wa Zipani unalibe mwini wache. Nchitoyo anangoisenzetsa kwa mkuru wa ofesi yolembetsa makampani, maina a malonda ndi maukwati, munthu amene anali kale ndi katundu wache pamutu. M'zaka zimenezo tinaponya voti pa 21 May 2019, bwalo la milandu linafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 February 2020, ndipo tinaponyanso voti pa 23 June 2020. Zisankho ziwiri zazikuru, magalimoto atsopano opaka mitundu ya zipani ali mbwee m'miseu yathu ya fumbi, nsaru ndi malaya zirikugwa ngati mvula, ndipo mlonda amene lamulo linalonjeza kulibe. Boma la DPP linaona mpandowo uli wopanda munthu, nkuusiya. Boma la mgwirizano wa Tonse linalowa mu 2020 ndi malonjezo ambiri othetsa katangale, ndipo linatha zaka pafupi-fupi zinai lisanaikepo munthu. Mu 2024 ndi pamene a Kizito Tenthani, amene kale anali mkuru wa bungwe la Centre for Multiparty Democracy, anasankhidwa kukhala pa mpandowo.

Ine ndine mphunzitsi. Ndidziwa chimene chimachitika m'kalasi la ana 90 mphunzitsi akaturuka kwa ola limodzi lokha. Nanga wina akamanga sukulu, nalemba malamulo ache pa bolodi ndi choko chofiira, koma nakana kulemba mphunzitsi kwa zaka zisanu, mudzati anaiwala? Sanaiwale. Anafuna kuti alendo akabwera aone bolodi, ndipo ana apitirize kuchita zimene afuna. Zipani zimene zitukwanizana usana ndi usiku pa wailesi, pa nkhani imeneyi zinagwirizana osachita kukumana.

Umboni wache ulipo. Mu 2021 bungwe la maloya la Malawi Law Society linalembera ofesi imene inali kugwirizira nchito ya Mlembi, kupempha kuti liuzidwe amene anapatsa ndarama zipani zazikuru za dziko lino. Silinapemphe chinthu chachinsinsi. Linapempha chimene lamulo liti anthu ali ndi ufulu wa kuchiona. Yankho logwira mtima silinabwere, kufikira maloyawo anapita ku Bwalo Lalikuru la milandu, ndipo chigamulo chowakomera chinaturuka mu 2024. Taganizani, abale: maloya, anthu odziwa Chingerezi chonse ndi makomo onse a ku Blantyre ndi ku Lilongwe, anayenda zaka zitatu kuti angomva bwalo likuti funso lao liyenera kuyankhidwa. Nanga mlimi wa kuno kwathu, wopita pa boma kamodzi pa chaka, adzayenda zaka zingati?

Tsono bambo wathu adzati, "Aphunzitsi, ngakhale titadziwa dzina la wopereka, nsima idzachuruka kodi?" Ndiyankhe ndi nkhani zimene zinachitika, ndipo muone kuti sindirikusankha chipani.

Mu 2013, m'nthawi ya Boma la amai Joyce Banda, inaululika nkhani ya kubedwa kwa ndarama ku likulu la Boma, imene tonse tiidziwa ndi dzina loti Cashgate. Owerengera ndarama ochokera ku Britain anapeza kuti m'miyezi isanu ndi umodzi yokha munasowa ndarama pafupi-fupi K24 biliyoni. Mmodzi wa omangidwa, a Oswald Lutepo, amene analamulidwa kukhala m'ndende zaka 11 mu 2015, ananena poyera kuti zina mwa ndaramazo zinathandiza chipani cholamula cha nthawiyo, ndipo atsogoleri ache anakana. Ndani ananena zoona? Pakanakhala buku la mphatso za chipani lotseguka kwa anthu onse, funso limeneli likanayankhidwa tsiku limodzi.

Mu July 2017 chipani cha DPP chinachita phwando losonkhetsa ndarama lochedwa Blue Night ku nyumba ya Boma ku Lilongwe, ndipo kunamveka kuti makhonsolo a mizinda ndi bungwe lina la madzi anaperekako K13.5 miliyoni. Ndarama za msonkho wa pa msika, ndarama za munthu wolipira madzi a pa mpope, nkukathera m'thumba la chipani. Mabungwe omenyera ufulu wa anthu anatengera nkhaniyo ku bwalo la milandu. Chaka chotsatira, 2018, linaululika lipoti la bungwe lothana ndi katangale la ACB, lonena kuti kampani imene inapatsidwa nchito yogulitsa chakudya ku Polisi, nchito ya ndarama zoposa K2 biliyoni, inaika K145 miliyoni m'akaunti ya chipani cholamula imene wosainira wache anali Pulezidenti Peter Mutharika. Chipani chinati inali mphatso ndipo chinalonjeza kuibweza. A ACB anati pulezidentiyo sanadyepo yekha. Chabwino, tibvomere. Koma funso langa nlakuti: tinaidziwa bwanji nkhaniyi? Sitinaidziwe chifukwa chipani chinaulula. Tinaidziwa chifukwa pepala linapulumuka m'kabati momwe linabisidwa. Zimene sizinapulumuke nzingati?

Ndipo mu 2025, tirikuyandikira chisankho cha pa 16 September, manyuzipepala ndi mawailesi anadzaza ndi nkhani ya magulu a anthu oitanidwa ku nyumba za Boma m'nthawi ya Pulezidenti Lazarus Chakwera, nabwerako ndi K50,000 munthu ali yense. Maboma atatu, mitundu itatu ya nsaru, koma mchitidwe ndi umodzi.

Apa ndipo pagona nkhani yonse. Munthu wamalonda amene apatsa chipani mamiliyoni sachita chifukwa akonda nyimbo za chipanicho. Iye alikubzala, ndipo adzakolola. Adzakolola pa nchito yomanga mseu umene udzakumbika mvula yoyamba, pa mankhwala amene adzalipiridwa koma osafika pa chipatala chathu, pa feteleza wofika mu January chimanga chitayamba kale kufiira, pa mabuku a sukulu amene ine ndiwayembekeza chaka ndi chaka ana anai akulimbirana buku limodzi. Ndipo akalakwa palibe womgwira, pakuti khoswe akakhala pa mkhate sapheka: ukamponya mwala uphwanya mkhate, ndipo mkhatewo ndi chipani cholamula. Nchifukwa chache dzina la wopereka liyenera kudziwika chisankho chisanachitike. Tikadziwa kuti uje anapereka K200 miliyoni mu August, ndipo mu December tikamva kuti uje yemweyo wapatsidwa nchito yogula chimanga cha Boma, sitidzasowa wotiombezera ula.

Ndi aphungu nchimodzi-modzi. Bungwe la Westminster Foundation for Democracy linachita kafukufuku wa chisankho cha 2019, ndipo linapeza kuti munthu wopikisana pa mpando wa phungu anaononga, tikagawa mofanana, K14.8 miliyoni, ndipo amene anapikisana mwamphamvu nadzapeza mavoti ochuruka anaononga pafupi-fupi K27 miliyoni, ndarama zoposa malipiro a phungu a chaka chonse pa nthawi imeneyo. Zimenezo ndi ndarama za 2019, kwacha isanagwe mu May 2022 ndi mu November 2023. Mu 2025 ndarama yongoperekera kalata ya kupikisana pa mpando wa phungu inali K2.5 miliyoni kwa mwamuna, ndipo ya pulezidenti K10 miliyoni. Tsono ndifunse: mphunzitsi, namwino, mlangizi wa zaulimi, mai wa mpingo amene mudzi wonse umdziwa kuti ngwokhulupirika, angaime bwanji pa mpikisano wotere? Sangaime. Amene aima ndi mwini ndarama, kapena munthu wokongola ndarama kwa mwini ndarama. Ndipo wokongola akalowa m'Nyumba ya Malamulo ayamba wabweza ngongole. Za mlatho wathu adzaziganiza chaka chachisanu, pobwera kudzapemphanso voti.

Tsopano Mlembi wa Zipani alipo, ofesi iripo, ndipo mu kampeni ya 2025, imene inayamba pa 14 July nitha pa 14 September, tinamva machenjezo ache pa wailesi oletsa kugawa zinthu. Sindinyoza nchito imeneyo. Kuli bwino mlonda wofuula kusiyana ndi khola lopanda mlonda. Koma mpanda umene anampatsa kuti aulonde uli ndi mipata yoti ng'ombe ipite osawerama, ndipo mipatayo sinabooledwe ndi chiswe. Anaisiya dala omanga.

Mpata woyamba ndi uwu: lamulo la 2018 silinaike malire a ndarama zimene chipani kapena munthu angaononge pa kampeni. Ngakhale wina atathira mabiliyoni m'dera limodzi, palibe ndime imene waphwanya pa kuchuruka kwa ndaramazo. Ndiye kuti lamulo liletsa kupatsa mai sopo, koma sililetsa kugula mawailesi, magalimoto, oimba ndi mabwalo onse a boma lathunthu kufikira mnzako wosauka asamveke mau ndi pang'ono pomwe.

Mpata wachiwiri ndi umene ndinauona ndi maso anga. Lamulo lomwelo, poletsa nyambo, linapatula zinthu zina nkuti izi si nyambo: zipangizo za kampeni monga nsaru ndi malaya, chakudya cha pa msonkhano, ndi ndarama yobwezera ulendo. Chaka cha chisankhocho wopikisana wina, amene sindimchula dzina kapena chipani, anachititsa msonkhano pa bwalo la mpira la pafupi ndi kwathu kuno. Msonkhano utatha anyamata ache anaimika anthu pa mizere, nayamba kupereka K5,000 kwa munthu ali yense, akuti "ya thiransipoti." Ndinaona mai amene nyumba yache iri kuseri kwa golo, woti akaitana mwana ali pakhomo amva, alikulandira ndarama yobwezera ulendo. Ndinaona akuru ena atalandira nazungulira kukaimanso kumbuyo kwa mzere. Palibe anakwera galimoto tsiku limenelo, kupatula wogawayo. Ndipo iye akanafunsidwa akanayankha ndi nkhope youma kuti sanagawe nyambo, anangobweza thiransipoti monga lamulo lilola. Aphungu amene analemba ndime imeneyi anadziwa bwino lomwe chimene alikulemba, pakuti iwo ndiwo odzaigwiritsa nchito.

Mpata wina uli pa chiwerengero cha K1 miliyoni chija. Munthu wochenjera akafuna kupereka K18 miliyoni osadziwika, nkugawira abale ache 20, ali yense akapereke K900,000, ndani adzalondola mapaziwo ngati ofesi iribe anthu okwanira owerengera mabuku? Nanga ndarama zobwera usiku m'chikwama, zosapita ku banki, zimene mkuru wa chipani alandira kunyumba kwache? Lamulo liyembekeza kuti wolandirayo adzadzuka m'mawa nkukadziulula yekha. Ndiye kuuza fisi kuti akagwira mbuzi adzipereka lipoti kwa mwini khola pasanathe masiku 90.

Ndipo chindapusa chomwe chija chafooka. Pamene lamulo linayamba mu 2018, thumba la feteleza linali losafika K25,000, chotero K10 miliyoni inali matumba oposa 400. Mu 2025 thumba lomwelo linapyola K100,000, chotero chindapusa chomwecho chinatsika kufika pa matumba osakwana 100. Kwa ife ndi ndarama yoopsa. Kwa munthu wothira mamiliyoni mazana m'dera ndi ngati msonkho wa pa msika. Chimene angaope ndi ndende yokha. Tsono ndikufunseni, inu amene mumvera wailesi madzulo ali onse: ndani wa inu anamvapo dzina la nduna, phungu kapena mtsogoleri wa chipani amene anagona m'ndende usiku umodzi chifukwa cha ndime 41?

Pali chinanso chimene anthu a ku Lilongwe sachiganiza. Iwo ati, "Mukaona wogawa zinthu, bweretsani dandaulo ndi umboni." Kunena nkosabvuta. Koma kuno kumudzi wogawa ndarama za wopikisana si mlendo: ndi mlamu wako, ndi mwana wa nyakwawa, ndi amene alemba maina a olandira feteleza wotsika mtengo kapena chimanga cha chithandizo. Ukamneneza lero, mawa dzina lako lasowa pa mndandanda, ndipo pa maliro a kwanu anthu abwera mochedwa. Boma lisasenzetse mai wamasiye katundu amene ofesi yathunthu iyenera kusenza. Nkwapafupi kuti ofesi ifunse banki ndi mabuku a zipani zinai kapena zisanu kumene mtsinje uyambira, kusiyana ndi kuthamangitsa madontho m'madera 229 a aphungu.

Tsopano ndibwerere kwa bambo wathu, ndipo ndiyambe ndi pamene anena zoona. Njala si bodza. Mu March 2024 Boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba, ndipo tonse tikumbukira zimene tinadya chaka chimenecho. Mai amene ana ache agona ndi njala masiku awiri, wina nkumtambasulira K5,000, ine sindingamloze chala. Ndikanakhala ine, kaya. Mlandu suli pa dzanja lolandira. Uli pa dzanja limene liyembekeza njala ifike pachimake kuti ligule munthu motsika mtengo.

Koma pamene muti, Bambo, "tidye, voti iri mumtima," pamenepo ndikana. Tiyeni tiwerenge monga tichita mu Sitandade 5. Phungu akhala pa mpando zaka zisanu, ndiwo masiku 1,825. Gawani K5,000 ndi masiku amenewo: sizikwana K3 pa tsiku. Ndi K3 mugula chiyani lero? Ngakhale kabokosi ka machesi simugula. Umenewo ndiwo mtengo umene iye waika pa inu, pa dimba lanu, pa chipatala chanu ndi pa sukulu ya adzukulu anu. Ndipo kunena kuti voti iri mumtima nkudzinyenga. Ife Amalawi tinaleredwa kuti wakupatsa umthokoze. Munthu amene wadya za mnzache manyazi amgwira ngakhale ali yekha m'kachipinda kovotera. Ogawawo adziwa mtima wathu umenewu, nchifukwa chache agawa. Akanakhala kuti ndarama zao sizibala mavoti, akanaleka kale, pakuti anthu amenewa sataya khobidi pachabe. Komanso ngakhale mutadya za uyu nkuvotera uyo, mwaphunzitsa onse awiri kuti kuno salowa chimanja-manja, ndipo chisankho chinacho onse adzapita kwa wamalonda uja kukakongola zochuruka. Ndarama imene mwalandira pa bwalo la mpira ndi yanu yomwe, imene inachotsedwa pa mankhwala a chipatala chanu, kapena idzachotsedwa chaka chamawa pamodzi ndi chiongola dzanja.

Inu, Bambo, mudziwa bwino kuposa ine kuti ndale za dziko lino sizinayambe chotere. Pamene makolo athu anali kukana Chitaganya, ndipo mafumu anapita ku London mu 1953 kukanena kuti dziko la Nyasaland silifuna kumangidwa pamodzi ndi Rhodesia, panalibe wogawa nsaru. Anthu ndiwo anasonkha, uyu tiki, uyu sikisi, uyu shiringi ya fodya wache, ndipo atsogoleri anadziwa kuti akabwerako ayenera kudzafotokoza kwa eni ndarama. Sindirikunena kuti tibwerere ku zimene zinadza pambuyo pache, masiku a chipani chimodzi, pamene khadi la chipani linasanduka msonkho ndipo anyamata anaima pa chipata cha msika ndi pa khomo la basi kuletsa wopanda khadi. Zimenezo tinazikana pa 14 June 1993 ndipo sitizifunanso. Koma tinathawa kusonkha kokakamiza nkugwera m'dzenje lina, lakuti membala sasonkha kanthu konse, angotambasula dzanja. Chipani chimene mamembala ache sasonkha chiri ndi mwini wache wina, ndipo mwiniyo si inu.

Tisaiwalenso kuti zipani zazikuru zidya kale msonkho wathu poyera. Malamulo aakuru a dziko, pa ndime 40, anena kuti chipani chimene chapeza mavoti opyola limodzi la magawo khumi pa chisankho cha aphungu chizilandira ndarama kuchokera ku Boma. Ndiye kuti ngakhale inu amene simunavotere zipani zimenezo, mukagula sopo, shuga kapena mayunitsi a foni, mulikuzidyetsa. Wodyetsa ali ndi ufulu wa kufunsa kuti mbale ina irikuchokera kuti.

Chotero chimene tifuna kwa Mlembi wa Zipani si machenjezo ochuruka. Tifuna maina. Chaka chiri chonse, ndiponso mwezi umodzi chisankho chisanafike, ofesi yache isindikize mndandanda wa onse amene apatsa zipani ndarama zoyenera kuululidwa, dzina, tsiku ndi kuchuruka kwache. Uwerengedwe pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao ndi m'zinenero zina, ndipo umatidwe pa bolodi la ofesi ya DC kuti wopita kukagula mbeu aime nawerenge. Chipani chimene chabweretsa pepala lopanda kanthu, pamene tonse tinaona magalimoto ache, ofesi inene poyera kuti chipani chakuti chati sichinalandire kanthu, kuti anthu aseke ndi kufunsa. Ndipo mlandu woyamba wopita ku bwalo usakhale wa khansala wa kumudzi wogawa mchere. Ukhale wa munthu wamkuru, wa chipani cholamula pa nthawiyo, kuti tidziwe kuti mlondayu saopa amene anamlemba nchito. Kwa aphungu tifuna kuti atseke mpata wa thiransipoti, aike malire a ndarama za kampeni, akweze chindapusa, ndipo apatse ofesiyo ndarama zache zokwanira, pakuti njira yapafupi yophera mlonda osamkhudza ndi kummana chakudya.

Ndatsala ndi mau amodzi owawa, ndipo akhudza ine mwini. Pa kampeni yapitayi nthambi yathu ino inalandira nsaru, malaya ndi ndarama ya mafuta a njinga zamoto kuchokera kwa akuru a gulu lathu. Ine monga mlembi ndinalemba m'buku kuchuruka kwache ndi tsiku limene zinafika. Koma pa mzere wonena kumene zachokera ndinangolemba kuti "kuchokera kumwamba," ndipo sindinafunse kuti kumwambako anazitenga kwa yani. Ndinakondwa monga munakondwa inu, ndipo malaya ndinabvala. Usiku wa tsiku la msonkhano uja ndinatsegula bukulo nkuona mau amenewo m'dzanja langa lomwe, ndipo ndinachita manyazi. Sitingaloze zipani zina chala pamene thumba la gulu lathu sitilidziwa pansi pache. Ena adzati ndirikuchititsa manyazi gulu pamaso pa adani. Ine nditi ngati ndarama zathu nzoyera, kuziulula kudzatipatsa mphamvu imene ena alibe. Ngati si zoyera, kuli bwino tidziwe ife eni ache tisanamve pa wailesi.

Nchifukwa chache pa msonkhano ukudzawu, Loweruka lachiwiri la mwezi wamawa, nthawi ya 2 koloko masana, ndidzaika pamaso panu mfundo zitatu kuti muzibvomere kapena kuzikana. Yoyamba, kuti nthambi ilembere komiti ya boma lathu ndi likulu la gulu kupempha kuti mabuku a ndarama za kampeni ya 2025 awerengedwe pamaso pa mamembala. Yachiwiri, kuti tilembere ofesi ya Mlembi wa Zipani kupempha mndandanda wa mphatso zimene zipani zonse zinaulula, ndipo yankho lache, kapena kusayankha kwache, tidzalisindikize muno. Yachitatu, kuti tiyambenso chopereka cha mwezi ndi mwezi, chaufulu, ali yense monga angathe, ngakhale mbale ya mtedza, ndipo msungichuma aziwerenga bukulo mokweza pa msonkhano uli wonse. Bambo wathu ndawapempha kale kuti adzayambe ndiwo kulankhula, ndipo abvomera. Mvula ikadzagwanso tidzalowa m'chipinda cha Sitandade 8. A hedimasitala atilola, malinga tikabweze mabenchi m'malo mwache. Buku la nthambi ndidzabwera nalo, kuti ali yense wofuna adzaone yekha tsamba limene ndanenali.

Ine wanu pa nchito,
Mlembi wa Nthambi